Tsiku limene tinanyambita phunziro la a Mulepa

Ndikukumbukira kutentha kwa Okutobala chaka chimene ndinali Sitandade 7, pasukulu yathu ya m'mphepete mwa esiteti ya tiyi. Malata ankalira okha, ndipo phiri linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi. M'nyengo imeneyo ndi mmene aphunzitsi a Mulepa anaganiza zotiphunzitsa za mayiko ozizira a kumapeto kwa dziko lapansi.

A Mulepa anali mnyamata woonda, wa tayi imodzi, amene anali asanamalize maphunziro a uphunzitsi. Lachinayi lina kunayenera kubwera mayi wina wochokera kukoleji kudzaonerera kaphunzitsidwe kawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti akalephera, ntchito ya choko aiwale. Anatiuziratu za nyanja zoundana gwa ngati mwala, za zimbalangondo zoyera zoyenda pamwamba pake, ndi kuti zonsezo zikusungunuka poti dziko likutentha. Ife tinkangogwedeza mitu mwaulemu. Madzi oundana amene tinkawadziwa anali mafilizesi ofiira a pamsika, ndipo mnzanga Fayisoni anandinong'oneza kuti kudziko kumeneko ana ake ayenera kuti ndi onenepa.

Ataona kuti mawu okha sakulowa, a Mulepa anapalasa njinga m'mamawa wa Lachinayilo mpaka ku Chitakale, kwa munthu wina wa golosale ya firiji. Anabwerako thukuta lili kamukamu, atanyamula ayezi wamkulu ngati dzungu, wokutidwa ndi utuchi m'chiguduli. Anamuika m'ndowa kumbuyo kwa kalasi, nandiuza ine, monga monitala, kuti pasapezeke womukhudza. Kenaka anapita kumsewu kukadikira mlendo wawo.

Mlendoyo anayenera kufika sukulu ikangoyamba, koma minibasi yake inachedwa. Ine ndinalondera mokhulupirika kwa kanthawi ndithu. Kenaka ndinaona kuti mlonda ayenera kudziwa chimene akulondera, ndiye ndinapisa chala. Kuzizira kwake kunandiluma mpaka m'chigongono. Ndinanyambita. Sankakoma kanthu, ankangomveka fungo la utuchi wa mkungudza ndi nsomba za mufiriji, komabe ndinabwereza. Fayisoni anandiona, ndipo kuti asaulule ndinamulola. Posakhalitsa panali mzere. Wina anaswa kachidutswa ndi mwala, wina anaika kake m'thumba la yunifolomu kuti akaonetse amayi ake madzulo.

Dzuwa lili pamutu, a Mulepa analowa ndi mayi wa magalasi, amene anakhala pakona ndi cholembera. Phunziro linayamba bwino. Anaika mwala waukulu m'beseni la madzi kuti ukhale mtunda, ndi bokosi la machesi m'mphepete mwake kuti likhale mudzi. Atafunyulula chiguduli chija, anapeza kanthu kochepa ngati sopo wotha. Anaima nako m'manja, madzi akudontha pansapato zawo. Pamenepo ndinazindikira kuti tadya ntchito ya munthu.

Anafunsa motsitsa mawu kuti ayezi wapita kuti. Ine ndinanamizira dzuwa. Iwo anayang'ana pakamwa pa Fayisoni, pamene panali patamatirira utuchi.

"Ndi tonse, aphunzitsi," anatero Fayisoni. "Koma aliyense amangotenga pang'ono pokha."

A Mulepa anapita pabolodi nalemba mawu a Fayisoniwo ndi zilembo zikuluzikulu. Anatifunsa kuti amene wamaliza ayezi aimirire, ndipo palibe anaimirira. Anati amene anangokhudzako aimirire, ndipo tinaimirira kalasi yonse, ngakhale mwana wa abusa. Pamenepo anatifotokozera kuti utsi wa mafakitale, magalimoto ndi nkhalango zotenthedwa umachita chimodzimodzi, dziko lililonse likunena kuti langowonjezera pang'ono. Kachidutswa kotsalako anakaika pamwala, ndipo kanali kochepa moti madzi sanafike n'komwe pabokosi la machesi. Anachita kuthiramo madzi a m'ndowa muja kuti mudziwo umire, ife n'kuwomba m'manja ngati kuti kumira kwa mudzi ndi nkhani yabwino.

Mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo a Mulepa anakhoza. Izi sizinatipulumutse: sabata yonse yotsatira tinathirira mitengo ya pasukulu, ine monitala ndikusenza ndowa ziwiri.

Masiku ano ndimakhala ku Chonde, ndipo mwana wanga amaonera zimbalangondo zoyerazo pafoni, osadabwa n'komwe. Chimene chimandidabwitsa ine ndi mvula. Kale amayi ankadziwa sabata yobzala pongoyang'ana mitambo ya paphiri. Tsopano imachedwa mpaka mbewu kupserera, ndipo ikabwera imagwa ya mwezi wonse m'masiku atatu. Chaka china madzi anatsika m'phiri ndi miyala yake, nakokolola munda wa amayi ndi mlatho wopita kusukulu kuja. Titaima pamtunda kuyang'ana matope pamene panali chimanga, amayi anandifunsa ngati kusukulu anatiphunzitsako chimene chalakwika ndi nyengo. Ndinawayankha kuti anatiphunzitsa ndithu, koma ine tsikulo nzeru zonse zinali pa lilime.