Zala za Jonasi pa Thonje la ku Kadoma

Mu 1986 bomba la mumgodi wina ku Battlefields lidaphulika nthawi isanakwane. Jonasi Chalo, mlendo wa ku Malawi amene ankagwira ntchito mumgodimo, adatuluka wamoyo, koma wosaona. Ntchito idathera pomwepo, nyumba ya kukomponi n'kulandidwa.

Mkazi wake Lena adamutengera kufamu ya ku Chegutu komwe ankatola thonje. Jonasi ankangokhala pakhonde kulakalaka imfa, mpaka tsiku lina Lena adamukhuthulira thonje pamiyendo.

"Bambo, maso adapita, koma zalazi zikudya nawo sadza. Chotsani zinyalala."

Mawuwo adamuwawa, komabe adayamba kupapasa. Zaka zinayi, abale! Zala zidaphunzira kuti louma limafewa n'kudzukanso ukalifinya, lamchenga limakhakhala, logwidwa ndi nsabwe limamata ngati uchi.

Atamva kuti kudepoti ina yogula thonje ku Kadoma akufuna wosankha thonje, Jonasi adapita. Kapitawo wa pamenepo, Cephas, adali munthu woti ngakhale umupatse moni amayamba waganiza kaye. Adamuyesa ndi mabelo awiri, Jonasi adalondola onse, Cephas nkhope khwinya.

"Sekuru, inu mukuona. Apo ayi muli ndi mushonga, mankhwala ndithu. Anthu a ku Malawi timakudziwani."

Adamusecha m'matumba ndi m'chiuno kufuna chithumwa, osachipeza. Kenako, musaseke, adamumanga wakhunguyo nsalu kumaso.

"Mukaphonya limodzi, musadzapondenso pano."

"Nsaluyi ikuterera, ndi nayiloni," adatero Jonasi. "Bweretsani thonjelo."

Loyamba adati lofewa. Lachiwiri, lomata. Lachitatu adapisamo mkono mpaka m'chigongono.

"Pamwamba n'louma, koma m'kati mukufunda. Wina adathira madzi kuti lilemere."

Cephas adaseka, poti belo limenelo adaliyika yekha m'gulu loyamba m'mawa womwewo. Atalitumbula, m'kati mudali chinyezi chokhachokha, thonje litayamba kale kuwola.

Adamasula nsalu ija, n'kugwira dzanja la Jonasi, kulitembenuza uku ndi uku kufunafuna mphini za mankhwala. Adangopeza zipsera za kumgodi.

"Mawa seveni koloko," adatero.

Jonasi adasankha thonje pamenepo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo Cephas sadasiye kumugwedezera chipewa kumaso kuti aone ngati aphethira.

Inu amene mukulirira chimene chidapita, papasani chimene chakutsalirani. Akukayikireni, akusecheni m'matumba, inu pisani mkono mpaka pakati. Osataya mtima.