Thumba la Kumanja

Telala wa pakhonde la sitolo sakhulupirira munthu. Ngakhale moni amayamba wauyeza ndi tepi. Mng'ono wake atamangidwa kuti anapha mlamu wawo polimbirana munda, iye anati, "Uyu? Woopa ngakhale kupha nkhuku?"

Khoti linapeza mng'onoyo wolakwa. Tsiku la apilo, loya wa mng'onoyo anaonetsa telala malaya amagazi amene anapezeka m'mundamo. Telala anawatembenuza n'kuzindikira msoko wake. Thumba linali kumanja, mmene amasokera anthu amanzere okha.

Pabanja ponse wamanzere ndi mmodzi: malume awo, omwe anamuperekeza kukhoti ndipo anali atakhala pambali pake.

"Bwanji mphwanga, wawadziwa?" ananong'ona malumewo.

"Ndawadziwa, malume. Paja munkati amakuthinani m'khwapa."

Atatero anasendera kutali pabenchipo, nakodola loya uja.