Ndinadikira malipiro a ulova ku Doha

Inu owerenga, ndivomere poyera. Ndinagona masabata atatu pa bedi la pamwamba m'chipinda chathu cha aganyu m'dera la Al Muntazah ndikudikira kuti boma la Qatar lindilipire chifukwa chosowa ntchito. Ine amene, munthu woti ndinaponda ku koleji chaka ndi theka ndisanaganize zopatsako mpata anzanga.

Ndinali mlonda pa hotela ina. Kontirakiti ya kampani yathu ya alonda itatha, anatiitana n'kutiuza kuti khalasi, ntchito yatha. Anzanga anagwira mitu. Ine ndinakagula nkhuku yowotcha. Malume anga ntchito itawathera ku Joni, boma la kumeneko linkawapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka anapeza ina. Ndiye ndinaganiza mozama: ngati ku Joni amatero, nanga kuno kumene ngakhale podikirira basi pamaziziritsidwa ndi makina?

Mfundoyi ndinaiphunzitsa m'chipinda chathu ndili chiimire. Yohane wa ku Dedza, mlonda mnzanga amene anatichotsera limodzi, anasiya kuyenda ndi ma CV tsiku lomwelo. Amene anakana kalasi yanga ndi a Zulu okha, dalaivala wachikulire wa ku Chipata.

"Apulofesa, pa pepala la malipiro anu ankakudulanipo chiyani?"

"Palibe, bambo. Dziko lino n'lolemera."

"Nanga mufuna kukolola munda uti?"

Ndinawamvera chisoni kuti sukulu inawadutsa.

Sabata yachitatu ndinamanga tayi n'kupita ku ofesi yoona za antchito. Ndinafotokoza dandaulo langa m'Chingerezi chonse chimene ndinathawa nacho ku koleji. Bambo wa pa kauntala anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati, "Mafi." Kulibe. Anandiuza kuti mlendo ngati ine chake ndi ndalama yotsazikira yochokera ku kampani, molingana ndi zaka zimene wagwira, komanso tikiti yobwerera kwawo. Anawonjezera kuti chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chimatsamira pa bwana. Ndikapanda kupeza kampani ina masiku ondipatsa asanathe, ndi ndege basi. Masiku ambiri ndinali nditawagonera.

Ndinaimbira malume. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndalama zija ankawadula pa malipiro mwezi uliwonse, abwana awo n'kumaikapo zina, ndipo ntchito itatha anachita kukalembetsa ndi mapepala. Zimenezi sanandiuzepo, poti inenso sindinafunse.

Apa ndiye pamene ndimadzitama. Sindinalire. Ndinavula tayi, ndinakawagwira mwendo a Zulu, iwo n'kunditengera ku dera la mashopu la Madinat Khalifa pa tsiku lawo lopuma. Kuyambira tsikulo ndinkalowa shopu ndi shopu, dzuwa likuwotcha mpaka nsapato kufewa. Ena ankati bwera mawa, inshallah, ena osadzutsa n'komwe mutu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mwini supamaketi ina anandifunsa ngati ndingathe kunyamula makatoni a madzi. Ndinamuuza kuti ndinabadwira zomwezo. Mapepala osamukira kwa iye anatheka kutatsala masiku anayi. Lero mashelufu anga ndi owongoka moti makasitomala amaopa kuchotsapo botolo.

Yohane sanapeze malo. Pano akulima kachewere kwawo, ndipo foni yanga sayankha. Ndimamumvetsa.

Choncho abale anga, lamulo la dziko lina musakwere nalo ndege. Onani pepala lanu la malipiro: ngati sakudulani kalikonse kosungira tsiku la ulova, palibe amene akukusungirani. Ntchito ikatha m'mawa, masana mukafunse ku ofesi masiku amene mwatsala nawo, muwalembe pakhoma, n'kuyamba kuyenda. Ndipo zimene simunazitsimikize musaphunzitse munthu amene ali ndi ana kumudzi.