Foni Yanga Inameza Ulemu wa Alendo

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera. Munthu amene anatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mchemwali wanga usanayambe n'komwe ndine. Sanali mkazi wina, sunali mowa, sanalinso anthu ansanje amene amayi anathamangira kuwaganizira. Ndinali ine ndi chala changa chamkombaphala, chimene chinadina pamene panalembedwa kuti ndawerenga ndipo ndavomera. Kuwerenga ndinawerengadi. Kumva n'kumene kunasowa.

Kwathu ndi kufupi ndi Limbuli. Ndinapitako kukoleji kukaphunzira za makompyuta, koma ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, aliyense atazindikira kuti mnzake sangamusinthe. Chimene ndinabwera nacho kumudzi ndi dzina. Amanditcha Injiniya. Ntchito yanga ndi kuika nyimbo m'mafoni, kutsegula mafoni amene eni ake anaiwala pasiwedi, ndi kutonthoza azimayi olira powauza kuti foni yawo siinafe, yangokomoka ndi njala ya moto.

Mchemwali wanga Felista anali pachibwenzi ndi Maliko, mnyamata wa ku Nkando woyendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi. Munthu wofatsa, wosamwa, woti akaseka amayamba wapempha chilolezo. Nthawi itakwana, akwawo anatumiza uthenga kuti akubwera kudzafunsira ukwati. Tsono mukudziwa kuti kwathu kuno mawu a ukwati wa mwana wamkazi ali ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Atsibweni athu ali ku Joni, ndipo ntchito yawo si yongochoka mmene wafunira. Tinagwirizana kuti adzalankhule pa foni ya vidiyo, alendo adzawaone, iwonso adzaone alendo. Foni ya kamera yabwino pamudzi ponse inali yanga. Ndinasankhidwa popanda wopikisana naye.

Ndikuuzeniko za atsibweniwa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ndi munthu amene akhoza kukukhululukira utamubera mbuzi, koma osati utamudutsa chipewa chili kumutu. Kwa iwo, mlendo asanatsegule pakamwa pamaso pa mkulu, ayenera kutsika pampando n'kuwomba m'manja, ndipo mkuluyo akayankha kuti zikomo, m'pamene nkhani imayamba. Zaka zonse akhala ku Joni sizinachotse kanthu pa zimenezi. Mwinanso zinawonjezera.

Kutatsala tsiku limodzi, pagulu lathu la anyamata okonda mafoni wina anaponya uthenga wakuti kampani yopanga foni ngati yangayo yatulutsa pulogalamu yatsopano yoyendetsera foni yonse, koma yoyesera. Kwa amene simukuzidziwa: iyi ndi pulogalamu imene eni ake sanamalize kuikonza. Amaipereka kwa anthu odzipereka kuti aigwiritse ntchito, ikawapweteka awauze pamene yawapwetekera. Ndi ndiwo zimene zili pamoto, wophika akukupempha kuti ulawe mchere. Ine ndinabwera ndi mbale.

Abale, mtima wanga unagunda ngati ndaitanidwa kubwalo la ndege. Ndinaona zithunzi zake: timabatani towala ngati madzi, wotchi yosintha mtundu malinga ndi dzuwa, ndipo koposa zonse, kachinthu kochotsa phokoso poimba foni. Tambala, chigayo, njinga yamoto, mvula padenga lamalata, zonse kamazimeza n'kusiya mawu a munthu okhaokha. Ndinaganiza za nkhuku za amayi zimene zimasokosa nthawi yolakwika. Ndinaganiza za atsibweni akumva mawu oyera ngati ali pakhonde pomwepo, kenako n'kunena pamaso pa alendo kuti mphwangayu sukulu sanapitire pachabe. Ndinayamba kale kukonza nkhope yodzichepetsa yolandirira chiyamikirocho.

Chenjezo linalipo, la zilembo zikuluzikulu. Linati pulogalamuyi musaike pa foni imene mumaidalira tsiku ndi tsiku. Ndinalimva monga mmene timamvera munthu akamati minibasi yadzaza: nkhani yoona, koma yokhudza anthu ena.

Masana omwewo ndinakakhala m'shopu yometera pa Limbuli, pamene pali magetsi, n'kuyamba kuitsitsa. Foni inazima, inayaka, inazimanso, ine thukuta lili kamukamu. Itadzuka, inali ngati ndagula ina. Ndinayenda msika wonse ndikuionetsa kwa anthu amene sanandifunse. Ndinakaima pakhomo penipeni pa chigayo n'kuimbira mnzanga, ndipo iye analumbira kuti ndili m'tchalitchi. Ndinadumpha, inu owerenga. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinadumpha pamaso pa azimayi odikira ufa. M'boma lonse la Mulanje, kuyambira paphiri mpaka pamalire, ndinali munthu yekhayo wokhala m'chaka chamawa.

Nditafika kunyumba Felista anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Injiniya, kusekerera kumeneku sikundisangalatsa. Wachita chiyani ndi foniyo?"

"Ndaikweza udindo, chemwali. Mawa atsibweni adzamva ngakhale kuphethira kwa alendo."

"Ine ndikungofuna amve Maliko akufuna chiyani. Zophethirazo ndi zako."

Foni inali ikutentha m'thumba ngati mbatata yootcha, ndipo batire linkatsika ukuliona. Ndinati ndi chizindikiro cha mphamvu. Kuyesa vidiyo sindinayese. Munthu amene wagonjetsa chigayo sayesanso zinthu zazing'ono.

M'mawa mwake alendo anafika: atsibweni ake a Maliko, bambo wamtali wa jekete lotuwa, ndi azakhali ake, mayi wamaso akuthwa amene ankaoneka kuti anawerenga kale mapoto athu asanakhale pansi. Tinayala mphasa ndi mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, chifukwa pamenepo m'pamene foni imagwira netiweki ya kwathu osati ya ku Mozambique. Foni ndinaikhazika pampando wa atsibweni weniweniwo, nditaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Amayi anakhala pamphasa. Felista anali kukhitchini, khutu lili pakhoma.

Ndinaimba. Atsibweni anaonekera atavala tayi, atakhala mowongoka ngati chithunzi cha pachiphaso. Ife tinkawaona bwinobwino. Iwo ankangoona mdima. Kamera yanga inali itakana ntchito. Ndinazimitsa, ndinayatsa, mdima womwewo. Ndinawauza ndi mawu a katswiri kuti vuto ndi netiweki ya ku Joni. Anati palibe kanthu, bola makutu akugwira, tiyeni tiyambe.

Anadzitchula dzina, nanena kuti iwo ndiwo mwini mbumba pakhomo pano, ndipo alendo ali ndi ufulu. Atsibweni a Maliko anavula chipewa, anatsika pampando, nanjuta. Azakhali anagwada. Onse anayamba kuwomba m'manja, kuwomba kwenikweni kwa anthu oleredwa, kwa manja ofumbata, kolira pansipansi. Ine mtima unadzaza. Ndinayang'ana pafoni kudikira zikomo.

Atsibweni athu anapendeketsa mutu, khutu pafupi ndi foni yawo. Anadikira. Alendo nawonso anadikira, chifukwa sakanalankhula asanayankhidwe. Ataona kuti kuli zii, anawombanso, mwamphamvu. Nkhuku zinathawa. Atsibweni anakhwinyata nkhope.

"Mphwanga, anthuwo afika kapena akadali m'njira?"

"Afika, atsibweni. Ali pamaso panu pomwepa."

"Nanga manja anawasiya ku Nkando?"

Ndinati awomba, ndipo akuwombabe. Apa m'pamene luso la pulogalamu ija linandipachika, chifukwa mawu anga ankafika ku Joni oyera ngati madzi a m'phiri.

"Iwe usawaikire kumbuyo. Iweyo ndikukumva. Mayi ako atsokomola, ndawamva. Kuwomba kokha ndiye kukathere m'njira?"

Kenako anayankhula zimene mpaka lero ndimazimva ndikatseka maso. Anati ngati anthu akulephera kupereka ulemu tsiku lopempha, adzatani tsiku limene apatsidwa. Anati mwana wa mlongo wawo sangapite kwa anthu osaleredwa. Sipika ndinali nditaikweza mpaka kumapeto, kuti aliyense amve bwino. Aliyense anamvadi bwino, mpaka aneba.

Atsibweni a Maliko anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana zikhatho zawo zofiira.

"Bambo, ife tawomba mpaka manja atentha. Ngati ku Joni kuli ulemu wa mtundu wina, mutiphunzitse."

Zimenezo foni inazipereka zonse, osataya ngakhale chilembo chimodzi. Ndipo nthawi yomweyo ndinakumbukira chigayo. Kachinthu kanga kaja kanamva kuwomba m'manja, kanaganiza mozama, n'kugamula kuti limeneli ndi phokoso. Ndinalumphira foni kuti ndikazimitse. Nditangokhudza, nkhope ya atsibweni inauma pakamwa pali yasa, foni inathima, n'kuyamba kuonetsa chizindikiro cha kampani, kuzima, kuonetsanso, ngati ikunyadira. Ku Joni, atsibweni anatsimikiza kuti alendo awadulira foni.

Alendo anatsanzika mwaulemu woopsa. Nkhuku imene amayi anapha inatsala mumphika. Felista anatuluka m'khitchini, sanalire, sanakuwe. Anangoima patsogolo panga n'kufunsa motsitsa:

"Kuphethira kuja amva?"

Inu owerenga, ndinayankhapo mafunso ovuta kukoleji, ena ndinangolemba dzina langa n'kutuluka. Koma limeneli linaposa onse.

Masiku otsatira anali olemera. Maliko anauzidwa ndi akwawo kuti atsikana sanathe m'dziko. Atsibweni sankayankha foni ya amayi. Felista ankapita kuntchito, kubwera, kudya, osandiona, ngakhale titakhala mphasa imodzi. Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinaona kuti munthu amene anadikira mwamuna wake moleza mtima akhoza kumutaya chifukwa ine ndinkafuna wotchi yosintha mtundu.

Foni itazizira inadzuka yokha, yosalapa. Ndinaitenga n'kukwera minibasi ya ku Nkando. Ndinagwada pakhomo pa atsibweni a Maliko, ndinawomba m'manja, ndipo poti panalibe foni pakati pathu, anamva. Kufotokoza ndi pakamwa kunakanika, choncho ndinawapempha kuti atenge kafoni kawo kamabatani apite kuseri kwa nyumba. Ndinawaimbira. Ndinalankhula, anamva. Ndinawomba m'manja pafupi ndi foni mpaka agalu anauwa, iwo anangomva zii. Tinasinthana mafoni, iwo kuwomba, ine kumvera. Anabwereza kangapo, chidwi chitawagwira, mpaka anaitana mnzawo wodutsa kuti adzaone foni yodana ndi ulemu. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

Azakhali sanaseke. Anati, "Chabwino, mwanawe, m'manja inameza ndi foni. Koma mawu akuti ndife osaleredwa anatuluka pakamwa pa munthu. Amenewo adzawameze mwini wake."

Kuuza atsibweni athu kuti apepese inali ntchito ina. Amayi anachita kudzera kwa mkazi wawo. Atsibweniwo atamvetsa chimene chinachitika, ananena zinthu zokhudza ine ndi maphunziro anga zimene sindingalembe pano, ndipo anagamula kuti nkhani ya mwana wawo sadzaikambanso kudzera m'kabokosi. Zonse zinaima miyezi yambiri, kudikira tchuthi chawo cha Khirisimasi. Miyezi yonseyo Felista sankadziwa ngati Maliko apirira, pakuti akwawo ankamuonetsa atsikana ena poyera.

Anapirira. Atsibweni anatsika basi ndi tayi yawo, ndipo asanamwe n'komwe tiyi wa pakhomo, anati tiwaperekeze ku Nkando. Kumeneko ndinaona chimene sindinaganizepo kuti ndidzaona: mwini mbumba wathu akuvula chipewa, kutsika pansi, n'kuyamba iwo kuwomba m'manja. Azakhali anawasiya awombe nthawi yaitali ndithu asananene zikomo.

Chinkhoswe chinachitika. Ine ndinapatsidwa udindo wonyamula mabenchi kuchokera kutchalitchi, foni yanga itatsekeredwa m'sutikesi ya amayi. Koma musaganize kuti zinathera pomwepo. Mpaka lero Felista akapita kwa apongozi ake n'kugwada kupereka moni, azakhali aja amati, "Womba kwambiri, mwana wanga, mwina ku Joni sakumva." Anthu amaseka. Iye amasekanso, chifukwa ndi mkamwana. Akabwera kwathu amandiyang'ana, ndipo ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba. Cholakwa chinali changa, koma amene akuchisenza pamaso pa anthu ndi iye.

Kukampani kuja ndinatumiza dandaulo, monga woyesa wokhulupirika. Patapita nthawi anatulutsa pulogalamu yomalizidwa, ndipo kuwomba m'manja kunayamba kumveka. Ndimakhulupirira kuti dzanja langa lilipo pamenepo. Ndinauza a pabanja kuti dziko lonse lapansi tsopano likuwomberana m'manja momveka chifukwa cha ine. Amayi anandituma kukamangirira mbuzi.

Tsono inu anzanga okonda zatsopano, ndimvereni. Sindikunena kuti pulogalamu zoyesera ndi zoipa. Kukoma kwake ndikukudziwa, ndipo ndikaona uthenga wa ina yatsopano chala chimandiyabwabe. Koma ngati foni yanu ndi imodzi yomweyo, imene amayi anu amaimbirapo, imene abale akutali amafikirapo pakhomo, si yanu nokha ayi, ndipo simungavomere m'malo mwa onsewo. Yesani pa foni yakale yogona m'kabati. Ngati mulibe, dikirani yomalizidwa. Idzafika, ndipo wotchi yosintha mtundu idzakupezani muli moyo. Anthu amene akukonza zinthuzi ali kutali, sanakhalepo pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo sadziwa kuti kwathu kuno pali phokoso lina limene ukalichotsa, ukwati umatha.

Atsibweni anabwerera ku Joni, ndipo masiku ano timalankhulana. Ndikawaimbira, ndimayamba ndaika foni pansi n'kuwomba m'manja. Kamera ikugwira, mawu akumveka, zonse zili m'malo mwake. Iwo amandiyang'ana, amapendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Sindikumva, Injiniya. Bwereza." Ndipo ine ndimabwereza.