Galimoto Imene Inaima pa Ngalande ku Al Thumama

Ntchito yopopa madzi a mvula m'misewu ya ku Doha ndinaiyamba korona ili mkati. Poyamba ndinali mlonda ku Msheireb. Zaka zitatu ndinkaimirira pakhomo la nyumba ya maofesi, ndipo matenda aja atabwera anandipatsa kamakina koyezera kutentha kwa thupi kuti ndizilozetsa pachipumi pa aliyense wolowa. Miyendo inayamba kutupa. Lamulo litasintha, loti munthu angathe kusiya ntchito n'kukalowa ina osapempha kalata kwa bwana wake, ndinatha miyezi ndisakukhulupirira. Amene anandilimbitsa mtima anali bambo wina wa ku Machinga, dalaivala wa thankala, amene ndinkakumana nawo pa kasitolo ka tiyi pafupi ndi kampu yathu. Anali ndi imvi m'ndevu, ndipo aliyense ankangowaitana kuti madala, ngakhale anzawo a ku Nepal amene sankadziwa tanthauzo lake.

"Achimwene, laisensi muli nayo, ndiye mukufera chiyani pageti?" anandifunsa tsiku lina. "Kukampani kwathu akufuna munthu woti aziyenda nane. Ingoapulayani pafoni, basi."

Ndinaapulaya, ndinadikira masiku a notisi, ndipo palibe amene anandimanga. Ndinapezeka ndakhala pampando wa kumanja m'thankala yachikasu, madala ali pachiwongolero.

Kumudzi anthu amaseka ndikawauza kuti kuchipululu ndinkagwira ntchito ya mvula. N'zoona kuti imagwa masiku owerengeka, m'miyezi yozizira ija ya kumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka. Koma mzindawu ndi wafulati, pansi ponse ndi phula ndi simenti, ndipo chaka chonse mphepo imakhala ikuthira mchenga m'ngalande. Ikangogwa ola limodzi, madzi amasowa kolowera. N'chifukwa chake akhonsolo ya mzinda, amene kumeneko amawatchula kuti baladiya, amayamba kukonzekera kudakali kotentha. Ife a makampani tinkatsegula zitsulo za pangalande chimodzichimodzi n'kumakokolola mchenga. Thankala iliyonse inkapatsidwa dera lake. Azanyengo akangonena kuti kukubwera mitambo, uthenga unkafika pafoni, ife n'kukaima pamalo otsika mvula isanadonthe, payipi ili chire. Ndiye panalinso mainsipekitala a baladiya amene ankayenda m'misewu. Galimoto yoima pa ngalande, kapena yongotayidwa mpaka kuchita fumbi, ankaimata sitika pagalasi, n'kumupatsa mwini wake masiku oti aichotse. Masikuwo akatha inkabwera bulekidauni kudzaikoka.

Foromani wathu anali wa ku Sudan, ndipo anakhalapo kudziko lina lozizira kwambiri. Tsiku lina anationetsa vidiyo pafoni: msewu wonse uli mbuu ndi chipale chofewa, chigalimoto chokhala ndi fosholo kutsogolo chikukankhira chipalecho m'mbali. Anati kumeneko akalengeza kuti chipale chigwa, aliyense amachotsa galimoto yake pamsewu, ndipo ukachedwa umaipeza yakokedwa. Madala anaonera mpaka kumapeto, kenako anabweza foni n'kunena kuti, "Ndi anzathu awa. Iwo amakankha, ife timayamwa."

Dera lathu linali Al Thumama. Kuchokera m'misewu yambiri ya kumeneko tinkaona bwalo lalikulu la mpira lija, loyera, lozungulira, limene madala ankati omanga ake anachita kubera kofia yawo. Misewu imeneyi ankaidziwa kuposa mapu a muofesi. M'miyezi ya dzuwa, tikaima penapake, ankatsika ndi botolo lawo la madzi akumwa, n'kuthira pang'ono paphula, n'kuima chete kuyang'ana kumene madziwo akulowera. Ine poyamba ndinkaona ngati ndi zaukalamba chabe.

"Pepala limanena kumene madzi akuyenera kupita," ankatero. "Koma madziwo sanaliwerenge pepalalo."

Nthawi yopemphera ikakwana ankayala kamkeka kawo mumthunzi wa thankala, ine n'kumayang'anira pampu. Matchalitchi atatsegulidwanso ku Abu Hamour, ankandikumbutsa okha Lachinayi kuti ndisaiwale kusita malaya, poti kumeneko kutchalitchi timapita Lachisanu.

Tsiku limene sindiliiwala, mvula inayamba cha m'ma teni koloko m'mawa. Inayamba ndi matalala ang'onoang'ono amene ankalira padenga la thankala ngati munthu akupeta nyemba, kenako inakhuthuka. Pasanathe ola foromani anaimba kuti tithamangire kukamsewu kena kakang'ono, kokhala ndi nyumba za mipanda mbali imodzi ndi nyumba yosanja ya mafulati mbali inayo. Titafika tinapeza madzi akufika m'mawondo pakona, ndipo anali atayamba kulowa pansi pa geti ya nyumba ina. Tinaponya payipi. Thankala inadzaza, tinakakhuthula, tinabwerera, n'kupeza madzi ali pomwe aja. Kachiwiri chimodzimodzi. Madala anatsika, anayenda m'madzimo akufufuza ndi phazi, mpaka anafika pa kagalimoto koyera kamene kanaima m'mphepete mwa msewu.

"Ngalande ili pansi apa," anatero. "Tayala lakhala pachitsulo penipeni."

Kagalimotoko kanali ndi matope a fumbi la masabata ambiri, ndipo pagalasi panali sitika ija, mvula itaifufutitsa. Posakhalitsa anafika insipekitala wa baladiya, bambo wa ku Qatar konko, wamtali, atavala mkanjo woyera ndi majombo akuda, masiki ali kukamwa. Anawerenga sitikayo, anayang'ana pafoni yake, n'kutiuza m'Chingelezi kuti masiku anatha kale. Anaimbira bulekidauni. Anamuyankha kuti nayonso yatsekeredwa ndi madzi kwinakwake, ifika pakapita nthawi.

Ndipamene tinamva mawu kuchokera m'mwamba. Pawindo la nyumba yosanja ija panali mayi wa ku Philippines, tsitsi lili nyankhalala, akukupiza dzanja. Anafuula, mawu akusasa, kuti galimotoyo ndi yake. Anati ndi nesi, ndipo kwa miyezi wakhala akutengedwa ndi basi ya kuntchito m'mamawa n'kumabwera atatopa, moti sitikayo sanaione. Tsopano nayenso matenda amugwira, amuuza kuti asatuluke m'chipinda mpaka masiku ake akwane.

"Chonde musaitenge," anatero, kenako chifuwa chinamugwira mpaka anagwira chitsulo cha pawindo.

Insipekitala uja anakweza mapewa. Sanali munthu wouma mtima, zinkaoneka m'maso mwake. Anayankha kuti akumva chisoni, koma nyumba za anthu zikulowa madzi ndipo lamulo linatsatidwa bwinobwino. Ine ndinangoweramitsa mutu, chifukwa zaka za pageti zinandiphunzitsa kuti munthu wa boma akalankhula, iwe umayang'ana nsapato zako. Koma madala anasendera pafupi, anaika dzanja pachifuwa, n'kumupatsa moni wa Chisilamu mwaulemu wonse. Kenako anayamba kulankhula Chiarabu chawo chothyokathyoka chija, chosakaniza ndi Chingelezi komanso manja. Zimene ndinatolapo zinali zoti chimene tonse tikufuna ndi ngalande, ndipo kuti ngalande itseguke galimotoyo ikungofunika kusuntha mapazi asanu basi.

Bambo uja anayang'ana madzi, anayang'ana kuwindo, anayang'ananso wotchi yake. Anati bulekidauni ikafika galimoto ili pomwepo, iye sangaibweze. Koma ikapeza ngalande ili poyera, alemba chenjezo lokha.

"Yala!" anatero madala. Mawu amenewa kumeneko amatanthauza kuti tiyeni, changu.

Nesi uja anaika makiyi m'jumbo, anamangirira kuchingwe choyanikira zovala n'kutsitsa pang'onopang'ono. Madala anaipopera jumboyo sanitaiza, anapopera makiyi, anapopera manja awo, anandipoperanso ine amene sindinagwire kanthu. Atatsegula chitseko madzi analowa mpaka pamapedulo. Anapotokola kiyi. Injini inangoti kwe, kwe, n'kukhala chete. Batire inali itafa kalekale.

"Achimwene, kumbuyoko," anatero, mutu uli pawindo.

Ndinakankha ndekha, koma tayala linali litalowa m'mchenga wonyowa ndipo silinasunthe. Mwini golosale ya pakona, mkulu wa ku India wamimba yaikulu, anatuluka atapinda thalauza. Dalaivala wa kunyumba imene inkalowa madzi ija, wa ku Pakistan, naye anabwera. Tinakankha atatu, galimoto inagwedezeka n'kubwerera. Kenako ndinangoona mkanjo woyera pambali panga. Insipekitala uja anali ataukwinyira m'chiuno, foni ataiika pamwamba pa mpanda, ndipo anaika phewa lake pagalasi lamatope lija pafupi ndi langa. Tinapanikizana anthu anayi kumbuyo kwa kagalimoto kochepa ngati bokosi. Ali chiweramire, insipekitalayo anafuula kuti, "Mita imodzi ndi theka, chonde, talikiranani!" Tonse tinafa nacho chiseko, masiki atanyowa n'kumamatira kukamwa, ndipo mwina ndi chisekocho chimene chinatipatsa mphamvu, chifukwa tayala linatuluka. Madala anaiwongolera pamalo okwera pafupi ndi khoma n'kukoka handibuleki.

Ndinatenga ngowe yathu yachitsulo, ndinafufuza m'madzi mpaka inakola, ndinatukula chitsulo cha pangalande chija. Pansi pake panali mchenga, majumbo, makapu a tiyi ndi mamasiki osawerengeka. Ndinazivuula ndi manja, magolovesi ali m'zigongono. Kenako ngalande inachita ngati yageya, madzi anayamba kuzungulira, ndipo tonse tinaima chete kumvetsera mmene ankalirira potsika. Kuwindo kuja nesi ankaomba m'manja, akutsokomola, akuseka.

Bulekidauni inafika msewu utayamba kuoneka phula. Insipekitala anaibweza, analemba chenjezo lake n'kuliika pansi pa waipa. Mkanjo wake unali utasanduka wakhaki. Asanakwere galimoto yake anatembenuka n'kuwapatsa madala saluti. Mayi wachikulire wa m'nyumba ya geti ija, amene sitinamuone nkhope, anatumiza thireyi ya tiyi ndi zipatso za kanjedza. Anaiika pampanda chifukwa cha matenda, ife n'kumatenga mmodzimmodzi.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma tsiku lathu lopuma madala anabwereka nthambo zolizira batire kwa mnzawo wa pikapu, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Makiyi anatsikanso pachingwe. Tinailiza galimoto ija, tinachotsa makapeti onyowa n'kuwayanika pampanda, ndipo kuyambira pamenepo tikamadutsa m'kamsewuko ankaima n'kuiliza mphindi zingapo kuti batire isafenso.

Nesi uja atachira anatsika kudzatithokoza. Anali wamfupi kuposa mmene ankaonekera pawindo. Akulankhula nafe, maso ake anali pa madala, amene anali atatsamira thankala akupuma mwaphuma, pamene anali atangotsika pampando chabe. Anawafunsa ngati mutu umawapweteka kumbuyo. Madala anaseka n'kunena kuti ndi dzuwa. Mayiyo sanaseke. Analowa m'nyumba, anatulukira ndi makina oyezera BP, anawakhazika pasitepe ya thankala n'kuwakulunga pamkono. Atawerenga manambala anawauza kuti tsiku lomwelo, asanadye n'komwe, apite kuchipatala, ndipo anandilozera ine chala kuti ndikapanda kuwaperekeza adzandifunsa.

Kuchipatala anawapatsa mapilisi oti azimwa moyo wawo wonse. Anagwirabe ntchito mpaka nyengo yozizira inatha, koma kutentha kutayamba anandiuza kuti zaka khumi ndi chimodzi zimene akhala ku Qatar zakwana. Kale zikanatengera bwana kuti awasainire chilolezo chotulukira m'dziko. Nthawi imeneyi anangopereka notisi, anagula sutikesi yachiwiri, n'kunyamuka. Thankala inatsala m'manja mwanga.

Pano ali ku Liwonde, amagulitsa zipangizo za njinga zamoto za akabaza. Timaimbirana pafupifupi mwezi uliwonse. Ulendo watha ndinawafunsa ngati akumwa mankhwala.

"Mankhwala ndikumwa, achimwene," anatero. "Vuto ndi alamu anuwa. Adokotala anangoti ndichepetse mchere, koma iwo akuchita kuutsekera m'sutikesi, kiyi n'kumayenda naye m'chitenje. Mwina inu muwalankhule, inu amakumverani."