Chimbale Chimene Tinapachika M'mapira

Chimbalecho ndikadali nacho. Chili pansi penipeni pa sutikesi, chokulungidwa m'chitenje chakale cha amayi, ndipo mwamuna wanga sadziwa kuti chilipo. Sichingaonetsenso kanthu. Mbali yonyezimirayo inakalikakalika, ndipo cha m'mphepete pali kabowo kakuda pamene panadutsa msomali wamoto. Chithunzi cha pamwamba chinasuluka ndi dzuwa. Ukayang'anitsitsa umangoona jekete lalikulu ndi theka la dengu.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 2. Bambo atabweretsa mkazi wachiwiri, amayi anamanga katundu wawo n'kubwerera nane kwa Katunga, kwa atsibweni, mlongo wawo wamkulu. Ndinene msanga zimene ine panthawiyo sindinkazidziwa. Bambo ndi Msena wa kufupi ndi ku Chiromo, ndipo kwawoko mwana ndi wa bambo, bola chuma chaukwati chinaperekedwa, ndipo chinali chitaperekedwa. Kwa amayi, kwa Amang'anja, mwana ndi wa mbumba, mwini wake ndi atsibweni. Ankhoswe anakhala pansi kangapo osamvana, mapeto ake mbali yathu inagonja. Anati mwana abakhala kaye, mapira akacha bambo ake adzamutenge akakulire kwawo. Ine anangondiuza kuti tsiku lina ndidzapita kukaona agogo. Ndinkaliyembekezera tsikulo, chifukwa ndinkafunitsitsa kukwera njinga ya bambo ulendo wautali.

Atsibweni anali ndi vidiyo pa tawuni yathu yaing'onoyo, shedi ya bango yamdima, yamabenchi a matabwa osapala. M'katimo munkanunkha thukuta, utsi wa jenereta ndi zikang'a za nzimbe. Masana kutentha kwa ku Chigwa kunkakhala ngati munthu wakuvundikira bulangete, komabe anthu ankadzaza. Zakarate zinalipo, koma zimene zinkadyetsa atsibweni zinali za mkulu wina wopanga mafilimu oseketsa, amene ife tinkangomutchula kuti Wajekete, chifukwa m'filimu yake iliyonse ankaonekeramo yekha atavala jekete lofika m'mawondo. Munthuyo sankapuma. Mwezi usanathe kumsika kwatuluka kale chimbale china. Mayina a mafilimuwo palibe ankawasunga, tinkangoti ija ya mbuzi m'minibasi, ija ya sing'anga woopa nkhuku, ija ya maliro a munthu wamoyo.

Mapira akayamba kuika, kumabwera mpheta. Amene sanazionepo sangamvetse. Zimabwera ngati utsi, zikatera pamunda n'kunyamuka, ngala zatsala mankhusu okhaokha. Amayi anali atalima kamunda kamene atsibweni anawapatsa, ndipo oamira mbalame tinali awiri basi, iwo ndi ine. Ndiye kwathuko anthu anali atatulukira njira. Umaboola zimbale zakutha n'kuzimangirira pa chingwe kudutsa munda wonse, mphepo ikawomba zimazungulira n'kumathwanima, mbalame n'kumaopa. Zimbale zakutha za atsibweni sizinakwane. Anati atengapo pa za Wajekete, popeza zinali zambiri, koma zofooka zokhazokha, zimene anthu sangazisowe.

Apa ndi pamene panayambira mkangano umene unatenga nyengo yonseyo.

Loweruka lililonse bambo ankabwera ndi nsomba zowamba za makakana ku msika wa ku Nchalo, akagulitsa n'kupitiriza kwathu, ati kudzaona mwana. Belu la njinga likangolira kumsewu, amayi ankandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo kutsala pakhungu langa, kenaka n'kunditaya, n'kupita kuseri kwa mpanda kukasinja. Bambo ankandipatsa siwiti, n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi atsibweni. Aphunzitsi a pasukulu yathu, amene ankakonda vidiyo kuposa mmene ankavomerezera, ankabwera n'kukhala pakati. Atsibweni ankayala mkeka, n'kukhuthula katoni ya zimbale.

Ya mbuzi m'minibasi inapita kumunda popanda woilira. Aphunzitsi anati nthabwala yake ndi imodzi yokha, mbuzi kudya chipewa cha kondakitala, koma munthu waikoka mpaka zimbale ziwiri. Ya maliro inavuta pang'ono. Aphunzitsi anati m'menemo maikolofoni amaoneka akulendewera pamwamba pa bokosi, ndipo munthu amalowa m'nyumba usiku n'kutuluka khomo lomwelo dzuwa lili paliwombo. Ankawerenga zolakwika pa zala ngati akuchonga mayeso.

"Filimu yoseketsa sayesera choko, aphunzitsi," anatero bambo. "Anthu aseka? Basi, ndi pyadidi, n'zabwino."

"Anthu amaseka ngakhale mnzawo atagwera m'chimbudzi, alamu," anayankha atsibweni osawayang'ana.

Tsiku lina aphunzitsi atatenthedwa ndi nkhani anati vuto la Wajekete ndi kubereka mosalera, wina asanayende wina ali kale kumsana, ndiye ena mwa anawo amakula opanda mwini. Anaseka okha. Atazindikira pamene akhala, anatsokomola n'kuyamba kupukuta magalasi. Kuseri kwa mpanda musi wa amayi unali utaima.

Panali filimu imodzi imene sankagwirizana konse, ija ya dengu. Wajekete wayambana ndi mkazi wake, mkaziyo wathawira kwawo ndi mwana. Iye akudzisandutsa wogulitsa nsomba, akulowa m'mudzimo, akuika mwana m'dengu n'kuphimba ndi masamba a nthochi, n'kumadutsa pakati pa azilamu ake akukuwa kuti nsomba, nsomba. Dengu likulira, iye akuti ndi mlamba wamoyo. Mkazi uja akuthamanga mudzi wonse chitenje chikugwa, akusuzumira m'nkhokwe, m'khola, ngakhale mu mphika. Kumapeto akulondola mwamunayo kwawo, onse akuvina. Ine ndinkaikonda kuposa zonse. Ndinkadziwa mawu ake onse, ndipo anzanga ankandinyamula m'dengu kusukulu tikamasewera.

Loweruka lililonse atsibweni ankaitenga n'kuiika pa mulu wa zakumunda. Loweruka lililonse bambo ankatambasula dzanja n'kuibweza m'katoni.

"Nkhabe, ayi ndithu, alamu. Iyi ndiye filimu. Mwamuna watenga chake, mkazi wabwerera, aliyense wasangalala. Chofooka n'chiyani apa?"

"Chimaliziro chake n'chabodza. Munthu wotere savinidwa."

"Nanga anthu amadzaziranji shedi mukaika imeneyi?"

"Amuna okhaokha, alamu. Munaonamo mzimayi?"

Aphunzitsi ankayesa kuibweza nkhaniyo kwawo, ati kujambula kwake n'kwabwino koma mawu amatsalira m'mbuyo, koma panalibe wowamvera. Ankalankhulana mwaulemu, alamu uku alamu uko, koma mtsempha wa pakhosi pa atsibweni unkatukumuka, ndipo bambo ankagwedeza bondo mosalekeza. Dzina langa silinatchulidwepo pansi pa mtengo umenewo, ngakhale kamodzi.

Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndinaphunzira kulemba malipoti omveka bwino, koma mpaka lero sinditha kunena ngati amuna awiriwo ankadziwa chimene ankakangana. Mwina atsibweni ankadziwa. Anali atagonja kale pamaso pa ankhoswe, ndipo mlamu wako sungamuuze kuti ndiwe wankhanza utavomera kale. Chimene chinawatsalira chinali katoni ya zimbale.

Mapira anafiira. Zimbale kumunda zinachuluka, mbalame zinachepa, koma amayi anayamba kuonda. Pansanja yoamira mbalame ankaiwala kukuwa, mpheta n'kumatera pafupi ndi mapazi awo. Ankandiluka tsitsi pafupipafupi, molimba mpaka misozi. Nsapato zanga za kutchalitchi zinasowa, ndipo ndinadzazipeza patapita miyezi zitabisidwa m'thumba la chimanga. Tsiku lina anandifunsa kuti ndikadwala malungo usiku ndingauze ndani, ine ndinati inuyo. Anati nanga ine kulibe? Ndinaseka, chifukwa amayi akanapita kuti.

Loweruka lomaliza tisanayambe kudula, bambo anabwera opanda dengu la nsomba. Pa kaliyala anali atamangirira khushoni yatsopano yofiira, ndipo pa wilo lakumbuyo anali ataikapo timitengo topondapo mwana. Aliyense anaiona khushoniyo. Aphunzitsi anapereka moni n'kunena kuti ali ndi zolemba, koma sanachoke. Ine ndinaikhudza, inali yofewa, ndipo ndinathamanga kukauza amayi. Ndinawapeza ataima chilili, lichero lili m'manja, lopanda kanthu.

Atsibweni anayala mkeka monga mwa nthawi zonse, n'kuika ya dengu pamulu. Bambo anaseka, nati tiionere limodzi komaliza, aphunzitsi aweruze, kenaka iwo anyamuke dzuwa lisanapendeke. Sananene kuti anyamuka ndi yani.

Jenereta inalira. Anyamata amene anali pafupi analowa ulere, shedi inadzaza. Ine ndinakhala kutsogolo, pansi, mwendo wa bambo uli kumsana kwanga. Wajekete atavala chipewa cha wogulitsa nsomba anthu anayamba kale kuseka. Ataika mwana m'dengu, kuwala kunalowa kumbuyo, wina atakankha chiguduli cha pakhomo. Anali amayi. Chiyambire anali asanapondemo m'shedimo. Sanalowe. Anangoima pakhomopo, mankhusu a mapira ali m'tsitsi, maso ali pa kanema.

Anyamata a kumbuyo ndiwo anayamba kusiya kuseka. Aliyense pamudzipo ankaidziwa nkhani yathu, kupatula ine. Bata linayenda benchi ndi benchi mpaka kutsogolo. Pa kanema mkazi uja ankathamanga, chitenje chikugwa, akusuzumira mu mphika, ndipo m'shedi monse munali zii.

Pamenepo tinamva chimene phokoso la kuseka linkabisa nthawi zonse. Mwana wa m'dengu uja ankalira. Sikunali kulira kosewera ayi. Anali mwana weniweni, wamng'ono kwambiri woti sangauzidwe kuti ndi filimu, atatsekeredwa mumdima pansi pa masamba, akulira mpaka mawu kusasa, kupuma, n'kuyambiranso. Wajekete sanadule. Anapitiriza kukuwa nsomba, nsomba, akupinda nkhope kudikira kuti tiseke. Ine ndekha ndinaseka pa mawu a mlamba wamoyo, chifukwa ndi pamene tinkasekera. Kuseka kwanga kunamveka kokha m'shedi yonse, ndipo ndinamva mwendo wa bambo ukuuma kumsana kwanga.

Bambo sanadikire zovina zija. Anaimirira, anadina batani okha, chimbale chinatuluka.

"Mwanayu akulira zenizeni," anatero, osayang'ana munthu. Kenaka anati, "Yofooka, alamu. Mwawina."

Tonse tinatuluka, kuwala kukutibaya m'maso. Bambo anapita okha pa mbaula ya mayi wokazinga mbatata, anaika msomali pamakala, utafiira anaboola chimbalecho. Fungo la pulasitiki yopsa ndimalimvabe. Anachipereka kwa amayi ndi manja awiri, nati, "Amake mwana, kapachikeni." Amayi anachilandira, nati takhuta, kuthokoza m'chinenero cha bambo, chimene anali atasiya kulankhula chichokereni ku Chiromo.

Kenaka bambo anamasula khushoni ija n'kundipatsa, ati ndizikhalira kusukulu. Ndinaiponya pansi. Ndinalira, ndinawauza kuti ndi amantha, agonja kwa atsibweni pa filimu yabwino kuposa zonse, ndiponso andinamiza za kwa agogo. Anafuna kundigwira pamutu, ine ndinathawira kuseri kwa shedi. Belu la njinga silinalire pochoka.

Sanadzanditengenso. Ankabwerabe mwa apo ndi apo, kenaka mocheperachepera, ana a kwa mayi wina aja atayamba kubadwa. Ndinamva nditakula kuti kwawo anawanyoza kwambiri, ati mwamuna wanji wopereka chuma n'kusiya mwana kuchikazi.

Tsopano ndili ndi wanga, wa miyezi yochepa, ndipo mwamuna wanga ndi Msena wa ku Nsanje. Ndi munthu wabwino, sitinayambanepo zoti n'kuitanira ankhoswe. Komabe apongozi akamunyamula mwanayu n'kumati mwana wathu, mwana wa pakhomo pano, ine ndimapeza chifukwa chomutengera, kaya kuyamwitsa, kaya thewera. Mwamuna wanga akamatsutsana ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni, za mpira, ine ndimasiya kutsuka mbale n'kumamvetsera ngati akunenadi za mpira. Ndikudziwa kuti si bwino. Sindinauzepo munthu.

Madzulo a tsiku lija amayi anandinyamula kupita nane kumunda, ngakhale ndinali wamkulu woti n'kuyenda ndekha. Anamangirira chimbalecho pakati penipeni pa chingwe, chinazungulira, kuwala kwake kukudumpha pa ngala zofiira. Atatero anakhala pansi m'mizere, anandikokera pamiyendo pawo, n'kuyamba kulira mokweza, akundinunkhiza m'mutu. Mpheta zinatera kumapeto kwa munda, iwo osaziona n'komwe. Ine ndinaleka kulira kwanga n'kuwasisita pamsana. Ndinawauza kuti asadandaule, atsibweni akagula ina kumsika. Ndinkaganiza kuti nawonso ankaikonda filimuyo.