Mbatata Pagiya ya Apongozi

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, ndipo pobwerera kwawo ku Mlangeni bwana wawo anawatsanzika ndi kagalimoto kofiira kakalekale. Kanali ka mipando iwiri yokha, kopanda denga, kofupika moti ukakhalamo unkangoona ngati wakhala pamkeka. M'misewu yathu yokumbikayi kankayenda mosankha popondera, koma eni ake ankakakonda koposa ng'ombe zawo.

Nditangokwatira mwana wawo, ndinkafunitsitsa kuwaonetsa kuti manja a mphunzitsi amadziwa zambiri, osati choko chokha. Loweruka lina m'mawa ndinawapeza atazyolika m'galimotomo akudandaula. Mutu wa giya, kampira kamtengo kogwira posintha magiya kaja, unali utang'aluka pakati ndipo unkawatsina chikhatho. Ndinawauza kuti imeneyo ndi ntchito yaing'ono, andisiyire. Chibadwire ndinali ndisanamasulepo kanthu kalikonse pagalimoto.

Ndinapotokolera kumanzere, mutu uja osasuntha. Ndinapotokolera kumanja, chimodzimodzi. Ndinathirapo mafuta ophikira, kenako thovu la sopo, koma zimenezi zinangochititsa kuti manja anga aziterereka. Apongozi anaima pambali atapinda manja, n'kumandifotokozera modekha kuti ku Joni ntchito yotereyi sinkatenga nthawi. Manyazi atandigwira ndinavula nsapato, n'kukwera phazi lina pampando uwu, lina pampando uwo, ndipo ndinagwira mutuwo ndi manja onse n'kuyamba kukoka ngati ndikuzula chinangwa m'chilimwe.

Mkazi wanga anafika kuchokera kudimba n'kundiyang'ana kanthawi. Galimotoyo ankaipukuta ndi iyeyo ali mtsikana, choncho ankadziwa kuti kunsi kwa mutuwo kuli kasikuluwu kobisika. Anawerama pakati pa miyendo yanga n'kukamasula ndi nsonga ya mpeni wake wodulira ndiwo. Chimene anaiwala ndi kundiuza kuti ndisiye kukoka.

Mutu uja unazuka n'kundiwomba pachibwano. Ndinagwa chagada kumbuyo kwa galimoto, n'kutsetsereka mpaka pansi, miyendo m'mwamba. Mutuwo unauluka n'kukagwera m'khola la nkhumba, ndipo pamene tinkautola n'kuti nkhumba yaikazi itautafunatafuna. Apongozi sanaseke pamaso panga, poti mkamwini sayenera kusekedwa. Anangoti akukaona nkhokwe, ndipo kuseri kwa nkhokweko tinawamva akutsokomola nthawi yaitali.

Vuto linali lakuti tsiku lomwelo ankayembekezeka ku chinkhoswe ku Kandeu, pamene pagiya panatsala kachitsulo kosongoka kokha. Apongozi aakazi sanataye nthawi. Anapita pathumba la mbatata ya kachewere, n'kusankha imodzi yokwana bwino m'dzanja, n'kuibaya pakachitsulopo. Anatipatsanso kajumbo ka mbatata zina kuti tikapereke kwa eni chinkhoswe, popeza ine ndinali nditauzidwa kuti ndiperekeze.

Poyamba zinayenda bwino kwambiri. Apongozi anafika poyamikira kuti mbatatayo inali yofewa m'manja kuposa mutu wa azungu uja. Koma galimoto yakale imatentha, ndipo kachitsulo kaja kanayamba kuotcha mbatatayo cham'kati, dzuwa nalo likuiwamba pamwamba. Titadutsa zitunda zingapo tinamva kafungo ngati ka pachiwaya. Pokwera chitunda china, apongozi atati asinthe giya, mbatata ija inaphwanyika m'manja mwawo ndipo galimoto inazima.

Anayang'ana chikhatho chawo, ananunkhiza, kenako analawa.

"Aphunzitsi, m'thumba mwanumo mulibe kamchere?"

Ndinayankha kuti ndinalibe, ndipo iwo anadya choncho, n'kundigawirako mbali imene inapsa bwino. Kenako ndinatsegula kajumbo ka mphatso kaja n'kubayapo ina. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yogwira mbatata yatsopano chire, kudikira kuti yakaleyo ifewe. Tinafika ku Kandeu titadya zinayi, ndipo eni chinkhoswe analandira mbatata ziwiri zokha m'jumbo lalikulu. Anathokoza mwaulemu, koma ndinaona amayi ena akusuzumiranso m'jumbomo kachiwiri.

Patapita masiku ochepa apongozi anatulutsa chibonga chawo chovinira ngoma, chamtengo wakuda wosalala, n'kuchidula mutu ndi sowo. Ine anandilola kuboola ndi msomali wamoto basi, mkazi wanga akundiyang'anira. Mutuwo unakhala pagiyapo ngati unabadwira pomwepo, ndipo ulipobe mpaka lero, ngakhale galimotoyo masiku ano imayenda pokhapokha kukapezeka anthu okankha.

Pamwambo wotsatira apongozi anavina ngoma atavala zikopa zawo zonse, chishango kumanzere, kumanja atanyamula kamtengo kopanda mutu. Aliyense wowafunsa kumene chibonga chinapita ankamulozera kwa ine, n'kumuuza kuti akafunse aphunzitsi, ndiwo amadziwa za magalimoto.